MBALE YA IDI: MABISIKETI A MTEDZA OSAFUNA UVUNI

Mwezi wa Ramadhani ukamapita kumapeto, nkhani za m'nyumba zathu zimakhala ziwiri: zovala za ana ndi zimene alendo adzalawe pa tsiku la Idi. Za mpunga, nkhuku kapena chambo amayi amadziwa kale pogwira. Imene imavuta ndi mbale ija timaika pamphasa kudikira ana amene amayenda khomo ndi khomo kupereka moni swala ikatha. Mwana wa mnzako sangabwerere chimanjamanja, tsono kawirikawiri chimene timamuninkha ndi bisiketi kapena switi ya ku golosale.

M'nkhani ino tikufuna kuonetsa kuti mbale imeneyi ingathe kudzaza ndi zinthu za m'munda mwathu momwe, zokoma ngati mabisiketi amene tinawazolowera, zosalira uvuni kapena ufa wa tirigu, komanso zomanga thupi la mwana. Chitsanzo tatenga dera la Mfumu Yaikulu Nchema m'boma la Chiradzulu, kumene kuli abale athu ambiri ndiponso kumene vuto la nkhuni lafika pothina, koma zonse tikambe pano zingachitike ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhotakota ndi kwina kulikonse m'mbali mwa nyanja.

IDI YALOWA M'DZINJA

Chaka cha Chisilamu chili ndi masiku 354 kapena 355, choncho Idi imafulumira ndi masiku 10 kapena 11 chaka ndi chaka. Mu 2023 Idul Fitr inali chakumapeto kwa Epulo, mu 2025 inali kumapeto kwa Malichi, ndipo pofika 2030 idzakhala kumayambiriro kwa Febuluwale. Akuluakulu akumbukira kuti mu 1997 ndi mu 1998 zinalinso chomwechi. Izi zikutanthauza kuti kwa zaka zingapo chisangalalo chathu chizigwa mkati mwa dzinja, nkhokwe zitapepuka, chimanga cha m'munda chisanakhwime, nkhuni zili zonyowa ndipo ndalama zitathera ku feteleza ndi sukulu fizi.

Kwa Nchema nyengo imeneyi imawawa koposa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000 m'boma la Chiradzulu, limene ndi limodzi mwa maboma aang'ono kwambiri m'dziko muno, kotero kuti pa sikweya kilomita imodzi pamakhala anthu oposa 450. Minda ndi yaing'ono, mitengo inatha, ndipo amayi ambiri amaphikira mapesi, zitsononkho ndi timitengo ta nandolo. Moto wotere umayaka msanga n'kuzima msanga. Sungapsetse chigumu chimene chimafuna makala pansi ndi pamwamba kwa pafupifupi ola lathunthu, ndipo mandasi nawo amamwa mafuta ambiri. Komanso tisaiwale kuti namondwe wa Freddy anasakaza boma limeneli mu Malichi 2023, Ramadhani itangotsala masiku ochepa, ndipo chaka chotsatira kunadza chilala. Mabanja ambiri anafika pa Idi alibe choika pambale.

Za ku golosale nazo zinakwera. Tirigu wambiri amene timadya m'dziko muno amachokera kunja, ndipo mtengo wake unakwera nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo paketi ya mabisiketi inasanduka chinthu choyamba waganiza kawiri usanagule.

KODI M'BISIKETI MULI CHIYANI?

Mabisiketi amene timawakonda ali ndi mbiri yawo. Ya Marie inayamba kupangidwa ku London mu 1874 ndi kampani ya Peek Freans, pokondwerera ukwati wa Maria Alexandrovna, mwana wa mfumu ya Russia, ndi mwana wamwamuna wa Mfumukazi Victoria. Ya Tennis, yonunkhira kokonati, ambiri tinaidziwira m'zikwama za abale obwera kuchokera ku Joni. Palinso ya jinja yothetheka bwino ndi ya kirimu wa ndimu pakati. Zonsezi n'zokoma, sitikukana. Koma mukaona zimene zimalowamo mupeza ufa woyera wa tirigu, shuga ndi mafuta. Pa magalamu 100 a bisiketi wamba, zomanga thupi zimene a zaumoyo amazitcha mapuloteni zimangokwana magalamu 6 kapena 7.

Tsono yerekezani ndi za m'munda mwathu. Pa magalamu 100 omwewo, mtedza uli ndi magalamu pafupifupi 25 a mapuloteni, soya ali ndi oposa 35, nthanga za maungu zosenda pafupifupi 30, chitowe pafupifupi 18, ndipo mkaka wa ufa pafupifupi 26. Nkhaniyi si yaing'ono, pakuti kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Alangizi a zakudya amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, koma m'dzinja ana ambiri amangoona awiri okha, nsima ndi masamba. Ife a kunyanja tili ndi mwayi wa usipa ndi utaka, pamene abale a kumtunda amachita kudikira wa pamsika. Mbale ya Idi payokha singathetse kupinimbira, koma ingaphunzitse banja njira imene lingapitirize chaka chonse.

PHUNZIRO LA CHIPONDE CHA KUCHIPATALA

Nzeru yosakaniza mtedza ndi mkaka popanda kuphika ndi yomwe inapulumutsa ana ambiri onyentchera m'dziko muno. Mu 1996 dokotala wa ku France, André Briend, pamodzi ndi Michel Lescanne wa kampani ya Nutriset, anapanga chakudya cha mtedza wopera, mkaka wa ufa, shuga, mafuta ndi mavitamini. Dokotala wa ana wa ku America, Mark Manary, anachiyesa kuno kwathu pa ana a ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo mu 2004 anayambitsa bungwe la Project Peanut Butter lopanga chakudyachi m'dziko mommuno. Ndicho chija tonse timangochitcha chiponde.

Chinsinsi chake n'chakuti mulibe madzi. Tizilombo toononga chakudya timafuna chinyezi kuti tiswane, ndipo m'chakudya cha mafuta okhaokha timalephera. Lamulo loyamba la mabisiketi athu ndi lomwelo: musathiremo madzi, mkaka wamadzi kapena nthochi ngati mukufuna kuti akhalitse.

Koma tichenjezane. Zimene tikuphunzitsa pano si mankhwala. Chiponde cha kuchipatala chili ndi mavitamini ndi michere yoyezedwa bwino, ndipo ndi cha mwana wodwala yekhayo amene achipatala amulembera. Kuchigawira ana ena, kuchipaka pa buledi kapena kuchigula kwa ogulitsa mozemba ndi kulanda moyo wa mwana amene chinamuyenera. Mwana akayamba kutupa mapazi, kuonda kwambiri kapena tsitsi kusanduka lofiirira ndi lonyozoka, thamangirani naye kuchipatala.

MDANI WAMKULU NDI CHUKU

Popeza Idul Fitr ikufika mtedza watsopano usanakumbidwe, umene tigwiritse ntchito ndi wa chaka chatha, umene wakhala m'thumba miyezi yambiri ndipo wakumana ndi chinyezi cha dzinja. Apa ndi pamene pali ngozi. Mtedza wosauma bwino umachita chuku, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu anadziwika nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960 chifukwa cha chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga chokhala ndi poizoni yemweyu. Akamalowa m'thupi pang'onopang'ono kwa zaka zambiri amaononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa. Choopsa china n'chakuti kukazinga kapena kuphika sikumuchotsa.

Chizolowezi chathu choipa n'chakuti mtedza wabwino timagulitsa kwa mavenda, wotsalira uja n'kusinja nsinjiro za ana athu. Pa mbale ya Idi tichite mosiyana. Thirani mtedza m'lichero pabwalo powala, ndipo musankhe umodziumodzi. Wokwinyika, wosweka, wobooledwa ndi tizilombo, wakuda kapena wa ufa wobiriwira, ndi uliwonse wowawa pakamwa, utayeni kudzenje. Musaupatse mbuzi kapena ng'ombe ya mkaka, chifukwa poizoniyu amatsikira mumkaka. Posenda musawaze madzi pa makoko kuti afewe monga ambiri amachitira, pakuti madzi amenewo ndiwo amadzutsa chuku.

Mtedza wa Chalimbana, wa njere zazikulu, ndi wokoma kukazinga. Wa CG7, wofiira uja, uli ndi mafuta ambiri ndipo suchedwa kusanduka chiponde mumtondo. Uliwonse mwa iyi ukhoza.

KUKONZEKERA: MOTO UMODZI BASI

Moto umafunika kamodzi kokha, wokazingira, ndipo mtolo umodzi wa timitengo ta nandolo ndi wokwana. Nandoloyo apite m'ndiwo, mitengo yake itikazingire mtedza. Ntchitoyi ichitike kutatsala masiku awiri kapena atatu kuti mwezi uoneke. Popeza masana timakhala tikusala ndipo sitingalawe bwino, ndi bwino kukazinga ndi kusinja masana, koma kusakaniza ndi kulawa kudikire usiku titafutulu.

Yambani ndi mtedza. Kazingani pa chiwaya kapena pa phale ndi moto wochepa, mukutakasa kosalekeza kwa mphindi 15 mpaka 20, kufikira mkati mwa njere mutafiirira. Ukazizira fikisani, petani, ndipo sinjani mumtondo wouma bwino mpaka utatulutsa mafuta n'kukhala chiponde. Makapu awiri a mtedza amapereka kapu imodzi ndi pang'ono ya chiponde. Thirani kamchere kotsina ndi zala.

Kenaka soya. Soya wosapsa sayenera kudyedwa, chifukwa ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa thupi kugaya mapuloteni ndipo amatupitsa m'mimba. Mukazingeni payekha mphindi 25 mpaka 30 kufikira mutathyola njere n'kuona kuti yafiirira mpaka mkati ndipo fungo la uwisi latha. Konolani pang'ono, petani makoko, sinjani ndi kusefa.

Pomaliza ufa wolimbitsira. A kunyanja gwiritsani mpunga, ngakhale wosweka uja wotsala popuntha Faya kapena Kilombero: utsukeni, uume bwino, muukazinge mpaka usanduke wachikasu, musinje ndi kusefa. Abale a kwa Nchema amene mpunga amachita kugula angakazinge mgaiwa pa chiwaya chouma mpaka unthunkhire ndi kusintha mtundu. Ufa wosakazinga usalowe m'mabisiketi awa, pakuti saonanso moto wina. Ngati mukugwiritsa shuga m'malo mwa uchi, musinjeni akhale ufa kuti asamachite lakatalakata m'mano.

Sambani m'manja ndi sopo, pukutani mpaka muume, ndipo mbale ndi masupuni zikhalenso zouma.

ZA MKAKA, ZONGA MARIE

Tengani kapu imodzi ya chiponde, kapu imodzi ya ufa wa mpunga wokazinga, theka la kapu ya mkaka wa ufa, ndi masupuni aakulu anayi a uchi kapena shuga wosinja. Kandani zonse pamodzi mpaka zigwirane ngati dothi loumbira mbiya. Zikamayoyoka thirani supuni imodzi ya mafuta ophikira, zikamamata onjezerani ufa. Yalani pa thireyi yowaza ufa womwewo, papatizani ndi botolo loyera mpaka kuchindikala kwake kufanane ndi chala chaching'ono, ndipo dulani ndi kukamwa kwa tambula yaing'ono. Boolani timabowo pamwamba ndi kamtengo ka machesi kuti zifanane ndi Marie weniweni. Mupeza mabisiketi pafupifupi 25, ndipo mukawerengetsa, iliyonse ili ndi zomanga thupi zoposa kawiri za bisiketi ya ku golosale yolemera chimodzimodzi.

ZA JINJA

Izi ndizo zotsika mtengo koposa, chifukwa sizifuna mkaka. Sakanizani kapu imodzi ya chiponde, theka la kapu ya ufa wa soya, theka la kapu ya mgaiwa wokazinga, masupuni aang'ono awiri a jinja wouma wosinja, ndi masupuni aakulu anayi a uchi kapena shuga wa bulauni. Umbani timibulu tonga dzira la njiwa, tigubuduzeni m'chitowe chokazinga, ndipo mutipsinje ndi foloko kuti tikhale ndi mizere. Kuphatikiza chimanga ndi soya si nzeru yachilendo, ndi yomwe ili m'phala la Likuni limene ana athu amalandira ku sikelo ndi ku sukulu. Chimanga chimaperewera zina zimene soya ali nazo, soya nayenso amaperewera zina zimene chimanga chili nazo, ndipo zikakumana thupi limapindula koposa.

ZA MALAMBE, ZONGA ZA KIRIMU WA NDIMU

Ku Mangochi ndi ku Salima malambe sasowa, ndipo ndi mphatso yabwino kutumizira abale a ku Chiradzulu. Sinjani malambe mopepuka kuti ufa usiyane ndi njere, ndipo sefani. Pangani mabisiketi opyapyala monga tafotokozera pa za mkaka zija. Padera sakanizani masupuni aakulu atatu a ufa wa malambe, atatu a shuga wosinja, awiri a mkaka wa ufa ndi awiri a majarini, mpaka zisalale. Pakani pa bisiketi imodzi n'kuphimba ndi inzake. Kuwawasa kwa malambe kumalowa m'malo mwa ndimu, ndiponso malambe ali ndi vitamini C wambiri amene amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'zakudya za kumunda.

ZA TENDE

M'maiko a Aarabu monga Lebanon ndi Syria, Idi siidutsa popanda mabisiketi oikamo tende pakati otchedwa ma'amoul. Ife tingatengereko nzeru pogwiritsa tende zotsala pa futari. Chotsani njere, sinjani kapu imodzi ya tende mpaka zimatane, onjezerani kapu imodzi ya mtedza wokazinga wosinja mosalala pang'ono ndi theka la kapu ya nthanga za maungu zokazinga ndi kusenda. Shuga safunika konse. Umbani timibulu ndipo mutigubuduze m'kokonati wouma wokazinga pang'ono ngati alipo, fungo lake lidzakukumbutsani Tennis. Popeza ndi sunna kudya kanthu, makamaka tende, tisanapite ku swala ya Idul Fitr, timibulu iti tingayambe kulawidwa m'mawa momwemo.

KUSUNGA NDI KUGAWA

Mabisiketi awa salimba ngati ophika mu uvuni, amakhala ofewa ngati kashata yaiwisi. Kuti agwirane bwino, ayaleni pa thireyi, phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo muike thireyiyo pamwamba pa mtsuko wa madzi ozizira usiku wonse. M'mawa aikeni m'chitini kapena m'ndowa yaing'ono yotseka bwino, pa malo ozizira, miyendo ya tebulo itaviikidwa m'tizitini ta madzi poopa nyerere. Akhoza kukhala masiku asanu mpaka sabata. Kunyanja kumene kumatentha, pangani ochepa oti athe m'masiku atatu kapena anayi. Akayamba fungo la mafuta ovunda, atayeni.

Pogawa kumbukirani zinthu zinayi. Mwana wosakwana chaka asapatsidwe za uchi, chifukwa uchi umatha kukhala ndi tizilombo timene matumbo a khanda sangalimbane nato. Kwa ana aang'ono, sinjani mtedza usalale ndipo muwanyemere tizidutswa kuti asatsamwe. Alipo ena amene thupi lawo limadana ndi mtedza kapena soya, amatuluka zidzolo, kutupa milomo kapena kubanika, choncho mwana wachilendo muuzeni chimene chilimo, ndipo wina akayamba kubanika apite kuchipatala nthawi yomweyo. Ndipo agogo odwala matenda a shuga alawe kamodzi kokha, pakuti uchi ndi tende nazonso ndi shuga.

Ubwino wina wopanga tokha ndi wakuti tikudziwa chilichonse chimene chalowamo, sitivutika kuwerenga timalemba ta pa paketi kufufuza ngati mafuta ake ndi a halali.

NTCHITO IYAMBE PA MASIKA

Mmera m'poyamba. Mbale ya Idi ya m'dzinja imakonzedwa pa nthawi yokolola. Mwamwayi Idul Adha, imene imabwera patapita miyezi iwiri ndi masiku khumi chichitikireni Idul Fitr, m'zaka zino ikugwa cha mu Meyi ndi Epulo, nthawi yomwe mtedza ndi soya zikuchoka kumunda. Imeneyo ikhale nthawi yoyesera maphikidwe awa ndi mtedza watsopano, komanso yopatula wa Idi inayo mavenda asanafike ndi masikelo awo.

Ndowa imodzi ya mtedza wosasenda ndi mbale ziwiri za soya zikwanira banja ndi kutsalako za anansi. Mtedzawo uume bwino, moti mukagwedeza khoko njere zizilira mkati ndipo mukaluma zizithetheka. Usungeni ndi makoko ake m'thumba loyera, pa thandala, osagunda pansi kapena khoma, kutali ndi podontha. Abambo, thumba limeneli si logulitsa zinthu zikathina mu Januwale. Amayi a m'magulu a pa mzikiti angathe kusonkherana, wina mtedza, wina soya, wina mkaka, n'kukazingira pa moto umodzi, ndipo gawo lina lipite kwa ana amasiye ndi okalamba amene alibe wowasinjira. A kunyanja tumizani malambe ndi mpunga wosweka kumtunda, a kumtunda nawo atumize soya ndi nthanga kunyanja, monga makolo athu ankasinthanirana nsomba ndi ufa.

Yesani njira imodzi kapena ziwiri pa Idi ikubwerayi, ndipo mutilembere kutiuza m'mene ana azilandirira ndi zimene mwasintha kuti zikome koposa. Tikufunirani inu nonse, a kwa Nchema ndi a m'mbali mwa nyanja, Idi ya mtendere ndi madalitso.